Fulashi yochedwa kulandira mafayilo: zomwe ndinapeza pa kompyuta ya wojambula maukwati ku Limbe

Dandaulo ndi makina ake

Kompyuta yomwe ndikunena mu lipotili ndi ya bambo wina amene ali ndi situdiyo yaing'ono ku Limbe. Amajambula maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo, ndipo akamaliza kukonza zithunzi ndi vidiyo amazipereka kwa eni ake pa fulashi, popeza masiku ano ndi ochepa amene akufunabe DVD. Dandaulo lawo linali lakuti kukopera ntchito ya ukwati umodzi, yomwe imakwana pafupifupi 20 GB, kunkatenga maola atatu, nthawi zina kuposerapo.

"Achimwene, poyamba imathamanga bwinobwino," anandifotokozera motero, "koma pakangopita kanthawi imafooka. Mzere wobiriwira uja umatsika mpaka pansi, nthawi zina n'kulemba 0 bytes, eni ukwati ali pa benchi panjapo kudikirira."

Asanandiitane anali atayesa zinthu ziwiri zomwe anthu ambiri amathamangira. Anafomata mafulashi onse, kenako analipira munthu wina kuti awaikire Windows yatsopano poganiza kuti m'kompyutamo munalowa kachilombo. Zonse ziwiri sizinasinthe kanthu, moti anali atayamba kale kufunsa mitengo ya kompyuta ina. Ndalemba mwatsatanetsatane chifukwa vuto lotereli ndi lofala m'masitudiyo, m'ma burning centre ndi m'mashopu osindikiza mapepala, ndipo ndalama zambiri zimathera pa zinthu zosakhudzana n'komwe ndi vutolo.

Kompyuta yake ndi desktop ya m'gulu la zija zimabwera kuchokera kunja zitagwirapo kale ntchito m'maofesi: Core i5 ya m'badwo wachinayi, RAM ya 8 GB, hard disk imodzi ya 1 TB, ndi Windows 10. Mafulashi anali a mitundu iwiri. Ena anali a 32 GB, ogulidwa m'sitolo ya zamakompyuta. Ena anali a 64 GB, ogulidwa kwa wogulitsa wa mumsewu, ndipo mtengo wake unali wotsika kuposa wa a 32 GB aja. Mtengo umenewo unandidetsa nkhawa nditangoumva, koma ndinawaika pambali kaye kuti ndiyambe ndi kompyutayo.

Ndisanakhudze chilichonse ndinachita masamu ochepa. 20 GB ndi pafupifupi 20,000 MB, ndipo maola atatu ndi masekondi 10,800. Kugawa manambala awiriwa kukupereka liwiro losafika 2 MB pa sekondi. Chilichonse chomwe ndikanapeza chinayenera kufotokoza nambala imeneyi. Fayilo ikamachoka pa hard disk imadutsa mu Windows ndi mapulogalamu oiyang'anira, n'kudutsa pa poti, pa chingwe ngati chilipo, kenako n'kulowa mu fulashi. Liwiro la ulendo wonse limatsatira malo omwe akuchedwa kwambiri. Choncho njira yake ndi kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, zina zonse zili momwemo, n'kuyeza.

Hard disk ndi mapoti

Ndinatenga SSD yanga yakunja ya USB 3.0, chosungira mafayilo chothamanga kuposa hard disk, yomwe ndikudziwa mmene imathamangira, n'kuibaya pa poti ya buluu ya kumbuyo kwa bokosi. Ndinakopera vidiyo imodzi ya 6 GB kuchoka pa hard disk yawo. Inayenda pa 120 MB pa sekondi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osakwana mphindi imodzi. Kuyesa kumodzi kumeneku kunachotsa pa mlandu hard disk, Windows ndi ma driver. CrystalDiskInfo, pulogalamu yoona thanzi la disk, inaonetsa kuti disk ili bwino, ndipo mu Event Viewer, momwe Windows imalemba zolakwika zake, munalibe uthenga wa nambala 153, womwe umabwera disk ikamalephera kulemba kapena kuwerenga mpaka kubwereza. Kwa amene mukukonza makina a Windows 7, omwe akadalipo m'mashopu ambiri, dziwani kuti Windows imeneyo siibwera ndi driver ya USB 3.0. Microsoft inayamba kuiphatikizamo pa Windows 8. Pa Windows 10 sipofunika kutayapo nthawi.

Kenako ndinafunsa kuti, "Bambo, nanga fulashi mumaibaya pati?" Anandilozera chingwe chowonjezera chomwe chinali pamwamba pa tebulo, chochokera pa poti yakuda ya kutsogolo. Bokosi la kompyuta lili pansi pa tebulo, kumbuyo kwake kwatsamira khoma, ndiye palibe ankafikako. Nditabaya SSD ija pa chingwecho liwiro linatsika kufika pa 33 MB pa sekondi. Pulogalamu ya USB Device Tree Viewer inaonetsa kuti yalumikizidwa ngati High-Speed (USB 2.0), osati SuperSpeed (USB 3.0). Nditatsegula bokosi ndinapeza kuti mawaya a mapoti akutsogolo alumikizidwa pa malo a mapini 9 pa motherboard, omwe ndi a USB 2.0. Malo a USB 3.0 amakhala ndi mapini 19, ndipo motherboard iyi inalibe. Chingwe chowonjezeracho nachonso chinali cha tizitsulo tinayi tokha mkati.

USB 2.0 inatuluka mu 2000 ndi liwiro la 480 megabit pa sekondi. Mu byte imodzi muli ma bit 8, choncho pa pepala ndi 60 MB pa sekondi, koma pa ntchito yeniyeni imathera pakati pa 30 ndi 40. USB 3.0 inabwera mu 2008 ndi 5 gigabit pa sekondi. Pa mapaketi a masiku ano mupeza yalembedwa USB 3.1 Gen 1 kapena USB 3.2 Gen 1, koma liwiro lake ndi lomwelo la 3.0.

Apa ndi pomwe amisiri ambiri amaimira. Wapeza poti ya 2.0, wasamutsira fulashi kumbuyo, walandira ndalama, wapita. Koma masamu aja akukana. Pa 33 MB pa sekondi, 20 GB imatha m'mphindi khumi. Poti inali vuto ndithu, koma sinali yomwe inkadya maola atatu.

Fulashi ya 32 GB

Ndinabaya imodzi mwa mafulashi a m'sitolo aja pa poti ya kumbuyo. Powerenga, pulogalamu yoyeza liwiro ya CrystalDiskMark inapeza pafupifupi 100 MB pa sekondi, zogwirizana ndi zomwe zinalembedwa pa paketi. Polemba zinali zina. Vidiyo ya 6 GB ija inayamba pa 40 MB pa sekondi, ndipo itadutsa pafupifupi 2 GB inagwa kufika pa 9 n'kukhala pomwepo mpaka kumapeto. Kugwa kumeneku ndi kuja bambowa ankati kufooka. Nambala yaikulu yomwe imalembedwa pa paketi nthawi zambiri imakhala ya kuwerenga. Ya kulemba, yomwe ndiyo ikukhudza wokopera, pa mafulashi otsika mtengo siilembedwa n'komwe.

Chifukwa chake chili mkati mwa fulashimo. Muli ma chip awiri ofunika: NAND yomwe imasunga zinthu, ndi controller yomwe imayendetsa ntchito. NAND imalembedwa m'timagawo ting'onoting'ono totchedwa page, koma kufufuta kumatheka pa block yathunthu, yomwe imakhala ndi ma page ambirimbiri. Page yolembedwa kale siingalembedwenso block yake isanafufutidwe. Kuwerenga kulibe chopinga chotere, n'chifukwa chake kumathamanga. Kuwonjezera apo, mafulashi ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito NAND yosunga ma bit atatu mu cell imodzi (kachipinda kake kosungira), yotchedwa TLC, yomwe ndi yotchipa koma yochedwa kulemba. Opanga ena amapatula kagawo kochepa kuti kazilandira bit imodzi yokha pa cell, motero kamalandira zinthu mwachangu. Kagawo kameneko kakadzaza, fulashi imabwerera pa liwiro lake lenileni. Palinso kutentha. Fulashi iyi inali yaing'ono, ya chitsulo, ndipo vidiyo isanathe inali itatentha moti sukanaigwira nthawi yaitali. Ma controller ena amachepetsa liwiro dala akatentha kuti asawonongeke.

Ndinawauza bambowa mosabisa kuti apa palibe chowonongeka, ndipo palibe pulogalamu yomwe ingasinthe zimenezi. Ndi malire a fulashiyo. Komabe pa 9 MB pa sekondi, ntchito ya ukwati umodzi iyenera kutha m'mphindi zosakwana 40. Panali patatsalabe maola awiri osadziwika komwe akupita.

Zomwe zinali mu foda

Ndinapempha mnyamata wothandiza pa situdiyopo, yemwe ndi amene amakopera tsiku ndi tsiku, kuti andionetse mmene amachitira. Anatsegula hard disk, kugwira foda ya ukwati wonse, n'kuikokera pa fulashi. Nditayang'ana Properties ya fodayo ndinapeza 19.6 GB ndi mafayilo opitirira 15,000.

"Ine ndinajambula zithunzi 900 zokha," anatero bambo aja modabwa. "Enawo achoka kuti?"

Mavidiyo anali awiri, iliyonse ya 6 GB. Zithunzi za JPEG zinali pafupifupi 900, zokwana 6 GB. Zotsalazo, timafayilo topitirira 14,000, tonse pamodzi tinkangokwana 1.5 GB. Tinali timafayilo tomwe mapulogalamu okonzera zithunzi ndi vidiyo amadzipangira okha pogwira ntchito. Munali foda ya Previews.lrdata ya Lightroom, yomwe imasunga tizithunzi toonera msanga. Munali timafayilo ta .xmp tosunga zosintha za chithunzi chilichonse, ta makilobayiti ochepa chabe. Munalinso cache (zosungidwa kwakanthawi) ya pulogalamu yokonzera vidiyo, ndi makope ang'onoang'ono a zithunzi omwe anachepetsedwa kuti atumizidwe pa WhatsApp. Mwini ukwati alibe nato ntchito timeneti, ndipo TV yake singatitsegule.

Ndinakopera timafayilo tokhatokhato pa fulashi ya 32 GB, pa poti ya kumbuyo, kuti ndione. Windows inkalemba liwiro la makilobayiti mazana awiri kapena atatu pa sekondi, n'kumagwa pa 0 kawirikawiri. Poyang'ana nambala ya Items remaining, inkatsika ndi mafayilo awiri okha pa sekondi. Mafayilo 14,000 pa liwiro limenelo ndi masekondi 7,000, pafupifupi maola awiri. Maola osowa aja anali pamenepa. Gawo lochepetsetsa la fodayo ndi lomwe linkadya nthawi yochuluka kuposa mavidiyo ndi zithunzi zonse pamodzi.

Zili ngati kukweza chimanga pa lole. Chikakhala m'matumba a 50 kg, tani imodzi ndi matumba 20 ndipo ntchito imatha msanga. Koma chimanga chomwecho mukamachipima pa mbale, n'kumalemba m'buku mbale iliyonse musanatunge ina, dzuwa lilowa musanafike theka. Fayilo iliyonse, kaya ndi ya 6 GB kaya ya 5 KB, imafuna kuti dzina lake lilembedwe m'ndandanda wa fulashi, malo ake apezedwe n'kulembedwa kuti atengedwa, zamkati zilembedwe, tsiku ndi nthawi zilembedwe, kenako itsekedwe. Zolemba zing'onozing'ono zimenezi zimagwera malo osiyanasiyana pa NAND, ndipo controller yotchipa imakakamizika kusuntha ndi kufufuta ma block athunthu chifukwa cha makilobayiti ochepa. Mu CrystalDiskMark zimenezi zimaoneka pa mzere wa RND4K, woyeza liwiro pa tizigawo ting'onoting'ono ta malo osiyanasiyana, ndipo fulashi iyi pa kulemba sinafike ngakhale theka la 1 MB pa sekondi. Mzere umenewu ndi womwe ndimauyang'ana poyamba munthu akamadandaula za foda ya mapepala kapena nyimbo zambiri.

Ngati timafayilo totere tikufunikadi kusamutsidwa, mwachitsanzo kupita nato pa kompyuta ina, njira yake ndi kutimanga m'fayilo imodzi ndi pulogalamu ya 7-Zip, posankha Store kuti isatayenso nthawi ndi kufinya. Nditatero, 1.5 GB yomweyo inalowa mu fulashi m'mphindi zitatu.

NTFS, FAT32 ndi TV ya kasitomala

NTFS, FAT32 ndi exFAT ndi njira zosiyana zosanjira mafayilo pa disk kapena fulashi. Mafulashi onse anali atafomatidwa kukhala NTFS. Chifukwa chake chinali chomveka. Amabwera ali FAT32, ndipo FAT32 siilandira fayilo yofika 4 GB. Bambowa atayesa kuika vidiyo ya 6 GB analandira uthenga woti fayiloyo yakula kwambiri ngakhale malo analipo, ndipo wina anawalangiza NTFS. Koma NTFS imasunga buku lake la zosintha zomwe zikuchitika m'ndandanda wa mafayilo, ndipo zimenezi ndi zolemba zina zing'onozing'ono zowonjezera pa fulashi yomwe ikuvutika kale ndi zolemba zotere. exFAT, yomwe Microsoft inatulutsa mu 2006 poganizira zosungira za mtundu wa fulashi, ilibe buku limenelo ndipo ilibe malire a 4 GB.

Pa liwiro lokha ndikanangosankha exFAT. Koma fulashi ya ukwati siithera pa kompyuta. Imakabayidwa pa TV kumudzi, pa DVD player yokhala ndi poti ya USB, kapena pa makina a m'galimoto, ndipo zida zakale zambiri zimadziwa FAT32 yokha. Zina zimawerenga NTFS koma osati exFAT, zina mosemphanitsa. Fulashi yokopedwa msanga koma yosatseguka pa TV ya apongozi ndi ntchito yolephera. Tinagwirizana kuti mafulashi a 32 GB akhale FAT32, ndipo vidiyo izitulutsidwa m'zigawo zosafika 4 GB, monga gawo la kutchalitchi palokha ndi la ku holo palokha. exFAT ikhale ya kasitomala amene wanena yekha kuti akaonera pa laputopu kapena pa TV yatsopano.

Ma antivirus atatu ndi nkhani ya Quick removal

Pamene timafayilo tija tinkakopedwa, Task Manager inaonetsa mapulogalamu atatu akugwira ntchito nthawi imodzi: Windows Defender, antivirus ina yaulere, ndi kapulogalamu kena koyang'anira mafulashi okha. Sindinawadzudzule bambowa pa zimenezi. Pa situdiyo pamabwera mafulashi ndi ma memory card a anthu osiyanasiyana, ndipo kachilombo kaja kobisa mafoda n'kusiya ma shortcut kanawavutitsapo kale. Vuto ndi lakuti fayilo iliyonse yatsopano inkafufuzidwa kangapo isanatsekedwe. Pa vidiyo imodzi sizioneka, koma pa mafayilo 14,000 zimawonjezera nthawi ndithu. Ndinachotsa awiriwo n'kusiya Defender, yomwe ndinaipatsa ma update ake. Kuzimitsa antivirus yonse pofuna liwiro sindikulangiza aliyense amene amalandira mafulashi a anthu.

Pali malo enanso omwe malangizo a pa intaneti amakonda kutchula. Mu Device Manager, pansi pa Disk drives, mukatsegula Properties ya fulashi pali tsamba la Policies lokhala ndi zosankha ziwiri, Quick removal ndi Better performance. Kuyambira pa Windows 10 version 1809, Microsoft inaika Quick removal kukhala yokhazikika pa zosungira zakunja. Pa Quick removal, Windows imalemba chilichonse pa fulashi nthawi yomweyo, kotero munthu angathe kuizula kukopera kukangotha. Pa Better performance imasunga zina mu RAM n'kumazilemba mophatikiza, zomwe zimathandiza pa timafayilo ting'onoting'ono. Ndinayesa ndipo kusiyana kunaoneka pa timafayilo, koma pa vidiyo kunalibe.

Ndinabwezera pa Quick removal, ndipo ndinatero dala. Situdiyoyi ilibe UPS (batire yothandiza kuti kompyuta isazime nthawi yomweyo magetsi akazima), magetsi amazima mosachenjeza, ndipo mnyamata uja ndinamuona akuzula fulashi osadina Eject. Pa Better performance, chilichonse mwa ziwirizi chingasiye vidiyo yooneka ngati yatha pamene mbali yake inali ikadali mu RAM. Popeza timafayilo tija sitizikopedwanso, phindu lake silikanaposa chiopsezocho.

Mafulashi a 64 GB

Gawo ili ndi lomwe linandilemera kwambiri, ndipo ndi lomwe ndikufuna anzanga a ntchito iyi alisamale. Ndinatenga imodzi mwa mafulashi a mumsewu aja n'kuwalitsa tochi ya foni m'kamwa mwake. Pulasitiki ya mkati inali ya buluu, ndipo kunja kunalembedwa USB 3.0. Koma pulagi yeniyeni ya USB 3.0 imakhala ndi tizitsulo 9, tinayi takutsogolo ndi tina tisanu chamkati. Iyi inali ndi tinayi tokha. Utoto wa buluu unangopakidwa kuti ugulitse. Pa poti ya kumbuyo inalumikizidwa ngati High-Speed, ndipo vidiyo inkalowa pa 4 MB pa sekondi.

Fulashi yonama pa chinthu chimodzi ndiyofunika kuikayikira pa zonse. Ndinaifufuta n'kuyendetsapo H2testw, pulogalamu yaulere yolembedwa ndi Harald Bögeholz wa magazini ya c't ku Germany. Imadzaza fulashi yonse ndi mafayilo ake, kenako n'kuwawerenganso kuti ione ngati zomwe inalemba zabwerera momwemo. Pa liwiro la fulashi iyi kulemba kokha kunafuna maola opitirira anayi, choncho tinaisiya usiku. M'mawa pa sikirini panali uthenga wakuti The media is likely to be defective, ndipo pansi pake panalembedwa kuti 7.4 GB yokha ndiyo inali bwino. Zotsala zonse zinali DATA LOST.

Inali fulashi ya 8 GB yomwe controller yake inasinthidwa kuti izinena kuti ndi ya 64 GB. Windows ilibe njira yodziwira bodzali, imangokhulupirira zomwe controller yanena. Malo enieni akadzaza, mafulashi ena otere amangotaya zomwe zikubwera, ena amabwerera poyambira n'kumalemba pamwamba pa zakale. Choopsa chake n'chakuti kukopera kumatha popanda uthenga wa cholakwika. Mayina a mafayilo ndi kukula kwake zimaoneka bwinobwino chifukwa ndandanda wake umasungidwa chakumayambiriro kwa fulashi, m'gawo lenileni lija. Munthu amadziwa pokhapokha akatsegula fayilo yomwe inagwera m'malo abodza.

"Bambo, pa mafulashi amenewa alipo omwe mwapereka kale kwa anthu?" ndinafunsa.

Anakhala chete kaye, kenako anatsegula buku la malisiti n'kuyamba kuwerenga ndi chala. "Alipo, achimwene. Maukwati anayi." Anakumbukanso kuti mayi wina anaimbapo foni kudandaula kuti vidiyo yachiwiri siikutseguka, ndipo iwo anamuyankha kuti mwina vuto ndi TV yake. Mnyamata uja ankayesa ndithu asanapereke fulashi, koma ankangotsegula vidiyo yoyamba kwa masekondi ochepa, ndipo imeneyo inali m'gawo lenileni.

Ukwati sujambulidwa kawiri. Mwayi unalipo ndi wakuti ntchito zonse zinayi zinali zikadali pa hard disk. Akanakhala kuti amafufuta akangopereka, monga amachitira ojambula ena pofuna malo, mabanja anayi akanataya zithunzi za tsiku lawo osadziwa n'komwe mpaka tsiku lomwe akanafuna kuonetsa alendo. Mafulashi otsala a mtundu umenewu tinawayesa ndi ValiDrive, pulogalamu ya Steve Gibson yomwe inatuluka mu 2023. Iyo siidzaza fulashi yonse, imangoyesa malo osankhidwa apa ndi apo kuyambira koyamba mpaka kumapeto, motero imatha m'mphindi zochepa. Onse anaonetsa matenda omwewo. Amene muli pa Linux kapena Mac, F3 imagwira ntchito yofanana ndi ya H2testw. Pali amene amadula fulashi yotere kuti izioneka ya 7 GB n'kumaigwiritsabe ntchito. Ine sindinalole, chifukwa wosintha controller sasankha NAND yabwino, ndipo zithunzi za ukwati wa munthu si zoyesera mwayi.

Zomwe tinasintha ndi zotsatira zake

Chingwe chakale tinachichotsa n'kuika cha USB 3.0 chochokera pa poti ya kumbuyo kufika pa tebulo, ndipo USB Device Tree Viewer inatsimikiza kuti tsopano ndi SuperSpeed. Ndinamuonetsanso mnyamata uja kuti azibaya fulashi mpaka kumapeto mosazengereza, chifukwa ikalowa pang'onopang'ono tizitsulo tinayi takutsogolo timagunda poyamba ndipo kompyuta ingailandire ngati ya 2.0. Mu foda ya ukwati uliwonse tsopano muli foda ina ya dzina lakuti ZOPEREKA, momwe mumalowa mavidiyo omalizidwa ndi zithunzi za JPEG zokha, ndipo ndi yokhayo yomwe imapita pa fulashi.

Titabwereza ntchito ya ukwati womwe uja pa fulashi ya 32 GB, 18 GB inalowa m'mphindi 35. Kugwa kwa liwiro pambuyo pa 2 GB yoyamba kukadalipo, ndipo kudzakhalapo mpaka atagula mafulashi omwe paketi yake imatchula liwiro la kulemba. Amenewo ndi odula, ndipo bambowa anaona kuti mphindi 35 angathe kupirira malinga azikopera kasitomala asanafike. Kompyuta yatsopano sanagule.

Fulashi iliyonse yatsopano tsopano imadutsa pa ValiDrive isanalandire ntchito ya munthu, ndipo imodzi pa gulu lililonse logulidwa imagona pa H2testw. Akamaliza kukopera, mnyamata uja amazula fulashi, kuibayanso, n'kutsegula vidiyo yomaliza chakumapeto kwake komanso zithunzi zomalizira mu foda. Kuzula ndi kubayanso n'kofunika kuti Windows iwerenge kuchokera pa fulashi penipeni, osati kuchokera mu RAM momwe mungakhale mutatsalira kope la fayiloyo.

Eni maukwati atatu anaimbiridwa foni ndipo anabwera kudzasinthitsa mafulashi awo popanda kulipira. Wachinayi anali atabwerera ku Johannesburg komwe amagwira ntchito, ndiye fulashi yake yatsopano inaperekedwa kwa mchemwali wake kuti aitumize. Chomwe chatsala ndi hard disk ija. Ntchito zonse za situdiyoyi zili pa disk imodzi yopanda kope lina kulikonse, ndipo CrystalDiskInfo ikuonetsa kuti yagwira kale ntchito maola ambiri isanafike m'manja mwawo. Tagwirizana kuti ndalama zomwe ankasungira kompyuta yatsopano zigule disk yachiwiri ya 2 TB ndi UPS yaing'ono, ndipo disk ikafika ndidzaika Robocopy, pulogalamu yokopera mafayilo ya mu Windows, kuti izikopera zatsopano zokha madzulo aliwonse asanatseke.